Dzina lakuti Nyangu linachokera kuti, ndipo kodi ndingamutche mwana wanga?

Naphiri wa ku Kawale

Akuluakulu ndi abale nonse a pagulu lino, ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo kwa masabata atatu tsopano. Mulungu watipatsa mwana wamkazi, wachiwiri m'banja mwathu, ndipo popeza woyamba anatchedwa dzina ndi akuchimuna, ulendo uno mwayi wagwera kwathu kuchikazi. Mtima wanga uli pa dzina la agogo anga, amayi awo a mayi anga, amene anandilera kumudzi kufupi ndi Mtakataka kuyambira ndili ndi zaka zinayi mpaka pamene ndinapita ku sekondale. Dzina lawo linali Nyangu. Anali nalo lina la ubatizo, koma pamudzi panalibe wolitchula. Pamaliro, pachinamwali, ngakhale pa milandu ya malire a minda, anthu ankangoti aitaneni a Nyangu, ndipo nkhani sinkayamba iwo asanakhale pamphasa.

Nditatchula dzinali pamaso pa abale, apongozi anga aakazi, amene kwawo ndi ku Mzimba, anandifunsa mwaulemu ndithu ngati tanthauzo lake ndi mwana wa a Ngu. Mlamu wanga wina ananena mosabisa kuti likumveka ngati nyanga, ndipo mwana adzasekedwa kusukulu. Tsiku limene ndinapita ndi mwanayo kusikelo, wolemba m'kabuku sanandifunse kawiri, anangolemba kuti Nyangulu. Chikhalire sindinakumanepo ndi mtsikana wa dzina limeneli. Chonde odziwa ndithandizeni: linachokera kuti, limatanthauza chiyani, ndipo kodi ndi loyenera kupatsa khanda?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Dedza

Anaphiri, tikuyamika Mulungu kuti munachira bwino. Dzina limene mwatchulali ndi limodzi mwa mayina akale kwambiri amene Achewa tili nawo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanalitaye chifukwa cha mawu a mlamu.

Mayina ambiri amene timatcha ana masiku ano amanena okha nkhani yawo. Mavuto anabadwa pa nthawi yovuta, Tiyamike anabwera makolo atadikira, Maliro anabadwa pamudzi pali zovuta. Nyangu sali m'gulu limenelo. Iye ali m'gulu la Kalonga, Undi ndi Lundu, mayina a mpando, amene munthu amalowa wina akamwalira. Mbiri ya pakamwa imanena kuti a Phiri anachoka ku dziko la Aluba, kumene lero ndi kum'mwera kwa dziko la Congo, motsogozedwa ndi Kalonga, ndipo pambali pake panali mayi wa fuko lake lomwelo wotchedwa Nyangu. Okamba ena amati anali mayi ake, ena amati anali mlongo wake, ndipo kusiyana kumeneku sikodabwitsa, pakuti mlongo wa Kalonga wa lero ndiye mayi wa Kalonga wa mawa. Ufumu wa Achewa sumapita kwa mwana wa mfumu, umapita kwa mwana wa mlongo wake. Choncho munthu sakanakhala Kalonga ngati sanatuluke m'bele la Nyangu.

Chimene chandikhudza ndi chakuti kwanu ndi ku Mtakataka. Kufupi ndi kumeneko ndiye kuli Mankhamba, malo aakulu a ufumu wa Amaravi, kumene kunali kachisi, ndipo likulu la Kalonga lotchedwa Manthimba linali m'dera lomwelo. Katswiri wofukula zakale, a Yusuf Juwayeyi, anakumba pa Mankhamba ndipo anapeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa ndi mapale a mbale zochokera ku China, zimene zikusonyeza kuti anthu ake ankachita malonda ofika mpaka kunyanja yamchere. Agogo anu anakhalira ndi dzinali pa nthaka yomwe eni ake oyamba anapondapo.

Mukafuna tanthauzo, ine ndinganene kuti Nyangu ndiye mayi wobala mafumu, muzu wa mbumba yachifumu. Tanthauzo limeneli likuchokera ku ntchito ya mwini dzina, monga momwe tonse timadziwira kuti Kalonga ndi mfumu ya mafumu popanda kuyamba tagawa mawuwo m'zidutswa.

Nyachirwa, Mzuzu

Ndiyankhepo pa funso la apongozi anu, chifukwa inenso ndikanafunsa chimodzimodzi. Kwathu kuno mkazi timamuitana ndi chiwongo cha bambo ake titaika Nya kutsogolo. Mwana wamkazi wa a Chirwa ndi Nyachirwa, wa a Gondwe ndi Nyagondwe, wa a Kumwenda ndi Nyakumwenda. Khutu la Mtumbuka likangomva dzina loyamba ndi Nya, limayamba kufunafuna chiwongo chimene chatsalira, ndipo pa Nyangu chotsala ndi Ngu, chiwongo chimene kulibe. Apongozi anu sanafune kunyoza, anangomva dzinalo m'chinenero chawo. Inu kwanu mumaika Na, monga mwadzitchulira nokha kuti Naphiri. Mukawafotokozera zimene aphunzitsi alembazi, ndikukhulupirira kuti adzalilandira, pakuti ku Mzimba ulemu wa mayi wa inkosi amaudziwa bwino.

Wophunzira wa ku Zomba

Ine ndimaganiza kuti dzinali likhoza kugawika pawiri, nya ndi angu. Mu Chiswahili wangu ndi yangu amatanthauza chinthu cha ine, ndipo Ayao amati mwanangu ponena mwana wawo. Ngati zili choncho, Nyangu angakhale mawu amene Kalonga ankaitanira mayi ake, kunena kuti mayi wanga. Kodi akuluakulu mukuliona bwanji ganizo limeneli?

Womasulira mabuku, Blantyre

Achimwene a ku Zomba, ganizo lanu ndi lokoma kumva, koma ndikupemphani kuti tisalipereke kwa Anaphiri ngati tanthauzo loti akauze apongozi awo. M'Chichewa timati wanga, yanga, changa, ndipo angu ameneyo ndi wa zinenero zina zapachibale. Kufanana kwa kamvekedwe pakokha si umboni. Titati tiyende njira imeneyo, wina anena kuti Nyangu akuchokera ku changu, ndiye kuti mayi wochita zinthu mofulumira, ndipo mlamu uja adzakhalanso ndi ufulu wonena kuti akuchokera ku nyanga. Onse atatu akhala akungotola mawu ofanana mapeto kapena chiyambi. Chimene tili nacho chogwirika ndi chimene aphunzitsi anena, chakuti kulikonse kumene dzinali limatchulidwa m'mbiri ya Amaravi, mwini wake ndi mayi wa a Phiri amene mimba yake imatulutsa olowa ufumu.

Pa za kalembedwe, Anaphiri, muonetsetse kuti cholakwika cha m'kabuku ka sikelo chakonzedwa msanga, chisanakopedwe pa chiphaso cha kubadwa, chifukwa chikafika kumeneko chidzamutsatira mwanayo mpaka pa mayeso a Sitandade 8 ndi pa chitupa cha unzika. Nyangulu ndi dzina lina, la banja, ndipo wolembayo anangothamangira limene analizolowera. Muwauzenso kuti pasakhale kachizindikiro pambuyo pa g. Dzinali limatchulidwa ndi ng wa mu ngozi ndi ngolo, osati ng' wa mu ng'ombe ndi ng'oma.

A Banda a ku Katete

Moni kwa abale onse a ku Malawi. Ine ndikulemba kuchokera ku Zambia, ndipo ndikufuna kuwonjezera chinthu chimodzi chimene chikusintha nkhaniyi pang'ono. Aphunzitsi alankhula za Nyangu ngati munthu wa m'mbiri, koma kuno Nyangu alipo lero, ndipo ndi udindo wamoyo kunyumba ya Kalonga Gawa Undi.

Mmene zinafikira kuno ndi motere. Kutabuka kusamvana pa za kulowa ufumu ku Manthimba, Undi, amene anali m'bale wa Kalonga, anachoka kulowera kumadzulo n'kukakhazikika ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche, kumene tsopano ndi chigawo cha Tete ku Mozambique. Pochoka anatenga Nyangu pamodzi ndi mbumba yachifumu. Taganizani kulemera kwa zimenezo. Anasiya mudzi, anasiya kachisi wa ku Mankhamba, koma anatenga chitsime cha ufumu, kotero kuti pambuyo pake ofuna munthu wolowa Ukalonga ankayang'ana kwa Undi. Ukalonga wa kunyanja unazima m'zaka za m'ma 1860 pamene Kalonga Sosola anaphedwa m'nthawi ya nkhondo ndi malonda a akapolo, koma nyumba ya Undi inapitirira, ndipo m'zaka za m'ma 1930 inasamuka kuchoka m'dziko la Apwitikizi kubwera kuno. N'chifukwa chake mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana ku Mkaika, kuno ku Katete, Loweruka lomaliza la Ogasiti pa mwambo wa Kulamba. Amene munafikako mukudziwa kuti Amayi Nyangu amapatsidwa ulemu wawo wapadera pabwalo lija.

Tsono nkhawa yanga ndi iyi. Ine sindingatche mwana wanga wamwamuna kuti Gawa Undi, ngakhale ndimalikonda dzinalo, chifukwa mpandowo uli ndi mwini. Kodi sizili chimodzimodzi ndi Nyangu? Sindikuletsa, koma ndikuona kuti kusowa kwa dzinali pakati pa atsikana si ngozi. Makolo ankaliopa chifukwa ankalilemekeza.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Dedza

A Banda, mwatikumbutsa zoona, ndipo ndavomera kuti ndinalankhula ngati zonse zinathera ku Mankhamba. Komabe pa fanizo lanu ndisiyane nanu pang'ono. Mayina a mipando akhala akutsikira kwa anthu wamba kuyambira kale. Tili ndi mabanja otchedwa Kalonga, Lundu, Mwase ndi Mkanda amene sakhala pa mpando uliwonse, ndipo palibe amene amawaimba mlandu wolanda ufumu. Chachiwiri, Anaphiri sanalitole dzinali m'buku kapena pa wailesi. Linali kale m'nyumba mwawo, pa agogo awo, ndipo mudzi wonse unkawaitana choncho popanda mfumu kudandaula. Funso loyenera ndi lakuti agogowo analipeza bwanji.

Agogo a ku Nathenje (akulembera ndi mdzukulu)

Mdzukulu wanga wandiwerengera zonse, ndipo ndamuuza kuti alembe mawu anga monga ndikunenera. Ine ndakhala namkungwi zaka zambiri. Mwana wanga Naphiri, aphunzitsi afunsa funso lenileni, ndipo yankho lake simulipeza pa foni, mukalipeza kwa atsibweni anu.

Kale munthu sankakhala ndi dzina limodzi moyo wake wonse. Mwana akabadwa ankakhala m'chikuta ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa, ndipo potuluka m'chikutamo ndi pamene ankamumeta tsitsi loyamba n'kumutcha dzina la paubwana. Mtsikana akatha msinkhu n'kuvinidwa, ankalandira dzina lina, ndipo kumuitana ndi lakale lija kunali kumunyoza. Akabereka, tinkamuitana ndi dzina la mwana wake kapena ndi mfunda wake. Ndiye panalinso dzina lolowa, limene munthu ankapatsidwa mwini wake atamwalira, abale atakhala pansi n'kugwirizana kuti uyu ndiye adzutse dzina la uje. Wolowa dzina ankalowanso ulemu ndi ntchito za malemuyo, moti ngakhale akulu kwa iye ankayamba kumuitana monga ankaitanira womwalirayo.

Ngati agogo anu anatchedwa Nyangu potuluka m'chikuta, dzinalo ndi lanu, mutche mwana mawa lomwe. Koma mwanena kuti milandu ya minda sinkayamba iwo asanafike. Mawu amenewo andiuza kuti mwina linali dzina lolowa, la mayi wamkulu wa bele limene limatulutsa nyakwawa kapena mfumu ya mudzi wanu. Likakhala lotero, lili ndi eni ake oti alipereke, ndipo mwina pali kale mayi wina kumudziko amene akuyembekezeka kulilowa. Mukalitenga muli ku Lilongwe osauza munthu, mudzakhala ngati mwakolola m'munda wa mbumba usiku. Pitani kapena imbani, mufunse mwini mbumba. Dzina lopatsidwa ndi atsibweni limakhala ndi mboni.

Mayi wa Chigwirizano, Kasungu

Ine ndili ndi mantha ena amene ndikufuna kunena poyera, pakuti mwina ndi amenenso ali mumtima mwa mlamu uja. Ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuti kutcha mwana dzina la womwalira ndi kumuitanira mzimu wa munthuyo, ndipo mayina a ku Mankhamba amagwirizana ndi nsembe za kukachisi. Kodi Mkhristu angachite zimenezi ndi mtima woyera?

Womasulira mabuku, Blantyre

Amayi a ku Kasungu, mwachita bwino kunena, chifukwa ambiri amangokana dzina osatchula chifukwa. Tisiyanitse maudindo a amayi a nthawi imeneyo, pakuti sanali amodzi. Za kukachisi ndi za mvula zinali makamaka m'manja mwa a Banda. Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankachokera kwa a Banda ndipo ndiye anali wa ku kachisi wa Mankhamba. Makewana, kutanthauza mayi wa ana, anali ku kachisi wa Msinja kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, ndipo dzina lakuti Mangadzi limatchulidwa pamodzi ndi iye. Kum'mwera, ku Khulubvi m'boma la Nsanje, mkazi woperekedwa kwa Mbona, mzimu umene anthu ankaupempha mvula, ankatchedwa Salima. Nyangu anali wa a Phiri, ndipo udindo wake unali wa magazi a ufumu. Amaravi anagawa mphamvu mwanzeru, a Phiri mpando, a Banda nthaka ndi mvula, ndipo ukwati wa Kalonga ndi Mwali ndiwo unkamanga mbali ziwirizo pamodzi.

Pa za mzimu, aliyense ayende monga chikhulupiriro chake chikumuuzira. Ndingokumbutsa kuti m'mipingo mwathu mwadzaza ana otchedwa Estere, Rute ndi Elizabeti potsata agogo awo amene anamwalira, ndipo sindinamvepo wina akuchita mantha. Zikuoneka kuti timayamba kuopa pokhapokha dzina la agogolo likakhala la Chichewa, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa ndi njira yomwe mayina ngati Nyangu, Mwali ndi Mangadzi asowera m'makaundula a sukulu zathu.

Mayi wa Chigwirizano, Kasungu

Za kusiyana kwa Nyangu ndi Mwali sindinkazidziwa, ndipo ndathokoza. Pa za Estere ndi Rute mwanena zoona, mwana wanga yemwe ali ndi dzina la malemu apongozi anga. Ndikaganizirabe, koma sindingamuletse Naphiri.

Naphiri wa ku Kawale

Pepani kuti ndinakhala chete masiku anayi. Ndinatsatira malangizo a agogo a ku Nathenje. Atsibweni anga alibe foni, choncho ndinaimbira mwana wa achemwali anga amene anapalasa njinga kukawapeza kudimba, ndipo tinalankhula mpaka mayunitsi anatha, ndinagulanso ena.

Agogo munalondola. Dzina la paubwana la agogo anga linali lina, limene ngakhale mayi anga sankalidziwa. La Nyangu analilowa ali kale ndi ana atatu, atamwalira agogo awo, amene anali mayi wa nyakwawa yoyamba ya mudzi wathu. Atsibweni akuti m'banja mwathu dzinali limakhala pa mayi wamkulu wa bele lalikulu, ndipo pamene mpando wa nyakwawa unakhala wopanda munthu, agogo anga ndi amene anatchula woti alowe, amuna onse n'kuvomera. Ndinakumbuka tsiku limenelo. Ndinali wamng'ono, ndinkapala moto kukhitchini, ndipo ndinaona amuna akuluakulu atavula zipewa, atakhala pansi pakhonde, agogo ali pamphasa akusenda nandolo m'lichero osathamanga. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti abwera kudzapempha mbewu.

Chimene sindinkayembekezera ndi chakuti chimwalirireni agogo palibe amene analowa dzinali. Amayi aakulu amene ankayenera kulilowa anakana chifukwa cha mpingo wawo, mayi anga anamwalira, ndipo nkhaniyo inangozizira. Atsibweni atamva pempho langa anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati iwo okha sangayankhe, ayenera kuitana alongo awo otsala ndi nyakwawa.

A Banda a ku Katete

Anaphiri, nkhani yanu yandichotsa nkhawa ina n'kundipatsa ina. Yachoka ndi ya kunyumba yachifumu, pakuti zikuoneka kuti makolo anu anatengera dongosolo la ku likulu n'kuliika pa mudzi wawo, ndipo zimenezo sizilanda kanthu kwa Amayi Nyangu a kuno. Yabwera ndi yakuti khanda silingatchule nyakwawa kapena kukhala pa milandu ya minda. Ngati dzinali lili ndi ntchito kumudzi kwanu, woyenera kulilowa ndi munthu wamkulu, ndipo mwina munthuyo ndi inuyo.

Agogo a ku Nathenje (akulembera ndi mdzukulu)

A Banda anena chimene ndinali pafupi kunena. Koma ziwirizi sizilimbana. Mwana akhoza kutchedwa dzina la agogo kuti lisazime, ndipo udindo n'kukhala m'manja mwa wamkulu mpaka mbumba idzaone yokha. Ndinaonapo mwana wa miyezi iwiri akuitanidwa kuti agogo ndi amalume ake a imvi, chifukwa cha dzina limene anapatsidwa, ndipo mwana wotero amakula akudziwa kuti ali ndi kwawo. Mukapita, musapite chimanjamanja. Mutenge nkhuku ndi ufa, mutengenso apongozi anu a ku Mzimba ngati angathe kuyenda, kuti akamve ndi makutu awo dzinalo likutuluka m'kamwa mwa atsibweni. Wotcha dzina ndiye amapereka mphatso kwa mwana, choncho muwauziretu atsibweniwo kuti akonzeke.

Naphiri wa ku Kawale

Uthenga wafika m'mawa uno kudzera kwa mwana wa achemwali uja. Akuluakulu anakumana dzulo madzulo ndipo agwirizana kuti tipite ndi mwana Loweruka la sabata yamawa, akamutche okha pakhonde pomwe agogo ankakhala. Za udindo akuti tikakambirana tikafika, ndipo andiuza kuti ndisakonzekere kubwerera tsiku lomwelo. Apongozi anga avomera kupita nafe, ndipo afunsa ngati kumeneko kuli koyenera kuvala chitenje chamtundu wina uliwonse. Mlamu uja sananenepo kanthu. Lolemba ndipita kusikelo ndi kabuku kaja kuti akafufute zilembo ziwiri zomalizira zimene anawonjezera.